Dzanja Limene Linagwirira Pepala

Moni nonse m'dzina la Ambuye, amayi anzanga, ndi inu abambo ochepa amene mwabisala kumbuyoko. Atsogoleri andipatsa kanthawi kochepa, koma mundipirire, chifukwa nkhani yangayi yayenda m'mafoni mwanu nthawi yaitali popanda mwini wake. Lero mwini wake wabwera. Ine ndine Felesiya Nambewe. Ena mumandidziwa kuti telala wa pa Lafayette Road. Ena, musayang'ane pansi, mumandidziwa kuti Kazitape. Dzinalo ndinalimva, ndipo amene analiyambitsa ali momwe muno, wavala bulauzi yosoka ine.

Ine ndinakulira pa makina osokera, pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Malemu mayi anga ndiwo anandiphunzitsa, ndipo lamulo lawo linali limodzi: telala sataya kanthu. Kansalu kotsala lero ndi thumba la malaya a mawa. Nyuzipepala yakale ndi patani. Pepala la simenti ukalikutumula bwino ndi patani ya suti. Ukataya pepala labwino pamaso pawo, khutu linkakuwawa mpaka madzulo.

Nditabwera kuno kutsidya la nyanja, mayi anga anali atamwalira, banja langa litatha. Amene anandilandira pa bwalo la ndege anali Mayi Chisale a ku South Bend. Sitinali pachibale. Anangomva kumpingo kuti kukubwera mayi wopanda pofikira, iwo n'kunyamuka ndi jekete m'manja. Ndinagona m'nyumba mwawo, ndinadya m'mbale zawo, anandiphunzitsa kukwera basi ndi kuyankha azungu osagwada. Anthu akafunsa kuti uyu ndani, ankati, "Mwana wa mnzako ngwako yemwe." Ine ndinkawaitana Amayi, ndipo sindinkanamizira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Dalitso, amene anabwera kuno ali wamng'ono, ankanditcha asisi.

Dalitso anaphunzira za uinjiniya, n'kupeza ntchito ku timu ina ya magalimoto ampikisano ku Indianapolis. Ndi iyeyo anandiuza kuti timu ina ya ku Speedway, pafupi pomwepo, ikufuna anthu odziwa kudula nsalu. Mukudabwa kuti telala akafuna chiyani kumagalimoto? Magalimoto amene mumawamva akulira mwezi wa Meyi aja thupi lawo si lachitsulo. Ndi nsalu. Nsalu yakuda, yomata m'manja, imene amaisunga m'firiji. Umaidula potsata patani, n'kuiyala m'chikombole ina pamwamba pa inzake, kenako n'kuiwotcha mu uvuni waukulu ngati chipinda. Ikatuluka imakhala yolimba koopsa koma yopepuka ngati lichero.

Ntchitoyo ndinaikonda, nayonso inandikonda. Ndinasamukira kuno ku Indianapolis, ndinagula galimoto, ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Ndinene zoona, inu amene mumagwira mashifiti kosamalira nkhalamba ndinkakuonani ngati otsalira. Mwina n'chifukwa chake nditagwa ena munaomba m'manja. Sindikukuikirani kumbuyo, ndikungonena kuti ndikumvetsa.

Matimu awiriwa, yanga ndi ya Dalitso, anali pa chidani chenicheni. Eni ake kale ankagwirira limodzi, kenako anagawana zida mokwiya. Kuntchito kwathu foni tinkaisiya m'kabati pakhomo, mawindo anali opaka utoto, mlendo sankalowa. Tsiku loyamba anandipatsa mulu wa mapepala oti ndisaine. Ndinasaina monga timachitira tonse, kungofunafuna pamene pali mzere.

Tsono patani iliyonse inkabwera itajambulidwa pa pepala lalikulu ngati chitenje, lolimba, mbali ina mizere ndi manambala, mbali inayo loyera mbee. Tikathana nalo tinkayenera kuliponya m'bini yokiya kuti ena adzaligaye. Biniyo inkadzaza msanga, ndiye mapepala ankangowakulunga n'kuwaimika pambali pake. Ine mtima unkandipweteka. Pepala lotere kuligaya? Mayi anga akanadzuka m'manda. Ndinayamba kumatenga limodzilimodzi lokadulira mapatani a madiresi kunyumba. Sindinkabisa n'komwe. Ndinkapanira m'khwapa, mlonda n'kunditsegulira chitseko, ine n'kumutsanzika bwinobwino.

Kenako unabwera ukwati wa Dalitso. Amayi anafuna kuti azimayi onse a kuchimuna avale chitenje chimodzi, kasokedwe kamodzi. Tinagwirizana kuti a ku Indianapolis ndiwasokera ine, a ku South Bend ndiwadulira mapatani akasokere komweko. Ndinadula pa mapepala anga otola aja, n'kupatsira munthu wopita kumeneko. Posakhalitsa Amayi ananditumizira voisi pafoni.

"Mwana wanga, mapepala akowa ndi abwino bwanji. Koma usavutike n'kudula, ntchito yakuchulukira. Uzingotumiza athunthu, tizidula tokha kuno."

Ndinatumiza athunthu. Patapita masiku, voisi ina.

"Aja unatumiza aja anali akale, akung'ambika popinda. Uzitenga a sabata yomweyo."

Ndinaseka ndekha, ndimvekere Amayi ukalamba wawapatsa zofunafuna. Ndinatumiza a sabata yomweyo, ndipo sindinatumize kamodzi. Ukwati unachitika, tinavina mpaka nsapato m'manja, ine atandikhazika patebulo la abale.

Patapita miyezi anandiitana ku ofesi ya pamwamba. Matimuwa amajambulana magalimoto ngati akazi apamitala osuzumirana m'miphika. Patebulo panali zithunzi ziwiri za chipangizo cha pansi pa galimoto, chimene chimawongolera mphepo kuti galimoto isaterereke pokhota. China chinali chathu, chimene anachivutikira chaka chonse. China chinali cha timu ya Dalitso. Zinali mapasa. Kenako anandionetsa kanema wa kamera ya pakhomo: ine ndemwe, mapepala m'khwapa, ndikumwetulira, ndikubayibitsa mlonda. Anandifaya tsiku lomwelo. Mlonda yemwe uja anandiperekeza mpaka pagalimoto osandiyang'ana kumaso.

Timu yathu inasumira timu inayo kukhoti kuti yaba zinsinsi, dzina langa lili pakatikati pa mlanduwo ngati wozitulutsa. Ndinaimbira Amayi.

"Amayi, mapepala aja afika bwanji kuntchito kwa Dalitso?"

Analira, abale, misozi yomveka pafoni. "Mwanayu wandichititsa manyazi. Anawapeza patebulo ine ndili kutchalitchi. Koma Felesiya, mkazi wake ndi woyembekezera. Ukatchula nyumba ino watipha tonse. Iwe ungonena kuti unkadulira madiresi, zotsala n'kutaya. Za m'nyumba sizipita kubwalo, mwana wanga. Mapepala sangamangitse munthu."

Ndiye nkhani yonse inali apa: nditchule Amayi ndipulumuke, kapena nditseke pakamwa ndisenze ndekha. Ine ndinasankha kusenza. Ndinkati munthu amene anandifunditsa jekete ndikuzizidwa sindingamukokere pamaso pa maloya achizungu.

Kuno mlandu usanafike kwa woweruza amayamba akufunsa mafunso utalumbira, mu ofesi ya maloya. Anandiitana m'tauni, pamwamba penipeni pa nyumba yamagalasi. Tebulo lalitali, kamera patsogolo panga, mayi wina akutayipa chilichonse ngakhale chifuwa. Ndinakweza dzanja, ndinalumbira pa dzina la Mulungu. Anandifunsa kuti mapepalawo ndinapatsa ndani. Ndinati sindinapatse munthu. Anandifunsanso mwanjira ina, ndinabwereza zomwezo. Kugwa kwanga kunali pamenepo, osati pa bini paja. Pa bini ndinali mbuli chabe. Apa ndinanama ndikudziwa.

Zotsatira zake zinathamanga. Olemba nkhani za mpikisano analemba za wantchito wochokera ku Africa amene ankatulutsa zinsinsi. Wina mwa inu anaiposita pa gulu lathu la pafoni, wina n'kuwonjezera kuti ndinagulira galimoto yanga ndi zimenezo. Tsiku lotsatira ndinapeza mwandichotsa pagulupo. Amene munasiya nsalu kwanga munatuma ana kudzazitenga zosasoka. Ku sitolo kumene timagula ufa pa Lafayette Road, munthu akandiona ankatembenuka n'kuyamba kuwerenga chitini cha nyemba ngati Baibulo. Kukwaya anandipempha kuti ndipume kaye mpaka fumbi litsike. Amayi nawo anasiya kuyankha foni, ati loya wa Dalitso wawaletsa, ndipo ine ndinawamvetsa.

Ine mowa ndinali ndisanaulaweko chibadwire. Ndinayamba ndi vinyo wa m'katoni kuti ndipeze tulo. Vinyo atandizolowera ndinapita ku vodika, ndinkaithira m'fulasiki ya tiyi. Ndinapeza ntchito yolongedza katundu, inatha. Ndinapeza yokolopa, inatha. Tsiku lina ndinakhala pa makina anga kuti ndisoke kansalu, ulusi unakana kulowa pa singano. Manja ankangogwedera ngati a nkhalamba. Ine amene ndinkalowetsa ulusi ndikucheza ndi kasitomala osayang'ana, ndinanyambita ulusiwo mpaka unanyowa wonse, sunalowe. Ndinafunditsa makina chitenje, n'kutsegula fulasiki.

Mapeto ake, ndikuyendetsa nditaledzera, ndinagunda mtengo wa magetsi pamalo oimika magalimoto, dzuwa lili paliwombo, anthu akuona. Apolisi ananditenga. Ndinagona m'chitokosi nditadzisanzira, pambali pa mtsikana wina amene ankatukwana khoma. Atandiuza kuti ndiimbire wachibale, ndinayang'ana foniyo nthawi yaitali. Mwa anthu onse amene ndinawasokera, ndinalibe nambala yoimba kupatula ya loya wondiimira pa mlandu wa mapepala uja. Laisensi anandilanda.

Loya wangayo anali mayi wachikulire wachikuda, wosaseka, wovala nsapato zomwezomwezo tsiku lililonse. Atanditulutsa anandikhazika m'galimoto mwake, n'kundiuza m'Chingerezi chake chosakometsera.

"Felesiya, amene ukumubisayo sindikumudziwa. Koma ali ndi loya wodula kuposa ine, ndipo wakugulitsa kale."

Anandiwerengera zimene Dalitso analumbira. Akuti ine ndinamutsata ndekha ndi mapepalawo nditakwiya kuti andimana udindo kuntchito. Akuti iye anangowalandira posadziwa kuti n'chiyani. Atamufunsa kuti Felesiyayo ndi ndani wako, anati ndi mayi wina wa kumpingo, samandidziwa kwenikweni. Mwana amene ndinkamusitira malaya a sukulu. Matimu onse awiri nkhani imeneyo inawakomera. A kwa Dalitso ankati si ife, ndi wantchito wanu wokwiya. A timu yathu ankafuna munthu woti amukhomere pamtanda anzake aonerepo. Loya anati nkhaniyi ikhoza kupita kwa a boma oimba milandu, ndipo kumeneko kuli ndende, pambuyo pa ndende ndege yobwerera kumudzi.

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati Dalitso ndi mwana, akuchita mantha, ndipo Amayi sakudziwa zimene akunenazi. Loya anangondiyang'ana, n'kuliza galimoto.

Anandiitananso ku nyumba yamagalasi ija kachiwiri. Ulendo uno khoti linali litalamula kuti kompyuta ya Dalitso ya kuntchito itsegulidwe, ndipo anapezamo zithunzi za mapepala aja. Anaziika pa sikirini yaikulu pakhoma. Ine ndinali nditamwako pang'ono m'mawa kuti manja akhazikike, nditatafuna chingamu.

Chithunzi choyamba chinali pepala lathunthu, mbali ya mizere ili pamwamba. Loya wa timu yathu anaimirira n'kumaloza manambala a pakona. Onse m'chipindamo maso anali pa manambalawo. Ine maso anga anapita m'mphepete. Pepalalo linali litayalidwa pa nsalu ya patebulo ya zigamba zamitundumitundu. Ndinaizindikira, chifukwa ndinaisoka ndine, mphatso ya Khirisimasi ya Amayi. Zimenezo sizinandidabwitse, anali atandiuza kale kuti mwanayo anawapeza patebulo.

Koma pepala lokulunga silikhala chete. Ukaliyala limafuna kubwerera mmene linalili. Kuti ulijambule bwino pamafunika wina woligwirira. Pakona ya m'munsi panali dzanja. Silinali la mwamuna. Linali dzanja la mayi wachikulire, zala zitatambasulidwa bwinobwino kuti zisaphimbe mzere uliwonse. Pa chala chachikulu panali chipsera choyera. Chipsera chimenecho ndinachiona chili bala. Anapsa ndi mafuta a mandasi chaka chimene ndinafika, ndipo ndinkawamanga ndine m'mawa uliwonse, iwo akundiseka kuti ndimamanga bala ngati ndikusoka kolala.

Anasintha chithunzi. Dzanja lomwelo. Anasinthanso. Dzanja lomwelo, koma mkono wa juzi ina, ndiye kuti linali tsiku lina. Amayi sanali kutchalitchi. Anali ataimirira pa tebulo lawo, akugwirira pepala kuti mwana wawo ajambule bwino.

Loya wa timu yathu uja anandifunsa ngati ndikulizindikira pepalalo. Ndinapempha kupita kuchimbudzi, ndinakasanza, n'kukhala pansi pa matailosi ozizira. Sindinalire. Ndinkangomva mawu aja m'khutu: uzitenga a sabata yomweyo.

Ngakhale pamenepo sindinawatchule. Mtima wa munthu ndi wouma, abale. Ndinati ndikamve kuchokera pakamwa pawo, mwina pali chimene sindikuchidziwa. Loweruka ndinakwera basi ya ku South Bend, msewu wonse minda ya chimanga chouma mbali zonse. Nditafika ndinapeza magalimoto atadzaza pakhomo. Mwana wa Dalitso anali atabadwa, anthu anabwera kudzamuona. Ena mwa inu munali m'nyumbamo, ndinamva kuseka kwanu. Amayi anandionera pawindo, n'kutuluka msanga, n'kutseka chitseko kumbuyo kwawo. Tinaima pakhonde, mphepo ikudula makutu.

"Amayi, ndaona dzanja lanu."

Sanafunse kuti dzanja liti. Anayang'ana chala chawo chija, n'kuchibisa m'chitenje.

"Ndiye wabwera kudzatani?"

"Kudzamva kwa inu."

"Felesiya, Dalitso ntchito inali itatsala pang'ono kumuthera. Galimoto yawo inkangotsalira, ukwati uli pafupi. Iwe mapepalawo unkangodulira madiresi. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Nanga ine, Amayi? Akuti ndikhoza kupita kundende."

"Iwe ulibe mwana, ulibe mwamuna. Ukagwa wagwa wekha. Uyu akagwa igwa nyumba yonse."

"Munkati ndine mwana wanu."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osakwiya n'komwe, ngati akuyesa nsalu pamsika. "Mwana wanga ndi uja ali m'nyumbamu. Iwe ndinakutola pa bwalo la ndege, ndinakudyetsa, ndinakuveka. Unkati zidzathera pomwepo? Ndipotu ukununkha mowa. Pita ukanene. Ndani angakhulupirire chidakwa?"

Analowa. Ine ndinatsala ndekha pakhondepo. Patapita kanthawi chitseko chinatseguka pang'ono, dzanja lomwe lija n'kutulutsa mbale ya pepala ya mpunga ndi nkhuku. "Ukadyere m'njira." Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinaitaya. Ndinadya, abale. Ndinali ndi njala. Ndinadyera pa siteji ya basi ndi manja, misozi ikugwera mumpungamo.

Ndili m'basi pobwerera ndinakumbukira kuti mwambi uja ankaukonda Amayi uli ndi mchira wake umene iwo sankautchula. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Iwo manja anachenjera, ndipo anadya.

Koma mawu amene anandipulumutsa ndi achipongwe aja. Ndani angakhulupirire chidakwa? Mulungu amatha kukutumizira mankhwala m'kamwa mwa mdani. Lolemba m'mawa ndinapita kwa loya, ndinamuuza zonse kuyambira pa jekete mpaka pa mbale ya mpunga. Sanandisisite pamsana. Anati, "Choyamba usiye mowa. Sindingaimike mboni yonjenjemera."

Kusiya sikunali kupemphera kamodzi n'kudzuka wopepuka, asakunamizeni. Ndinapita kuchipatala, chifukwa thupi likazolowera kusiya wekha kukhoza kukupha. Kenako ndinayamba kupita ku misonkhano ya anthu olimbana ndi mowa, m'chipinda chapansi cha tchalitchi china, pa basi, pakati pa azungu ndi akuda osandidziwa. Anthu amenewo sanandifunsepo kuti ndine wa kwa yani. Ankangosuntha mpando kuti ndikhale. Ndinagwa kamodzi n'kumwanso, ndinabwererako mawa lake n'kukanena. Fulasiki ija ndinaitaya, ngakhale inali yabwinobwino. Aka kanali koyamba kutaya chinthu chabwino mtima osandipweteka.

Kenako ndinabwerera ku tebulo lalitali lija kukakonza bodza langa. Ndinakwezanso dzanja, n'kunena pamaso pa kamera kuti ulendo woyamba ndinanama. Loya wa timu ya Dalitso anandidya wamoyo. Anandifunsa za chitokosi, za vodika, anandifunsa kuti ngati ndinanama nditalumbira kale, lero akhulupirire chiyani. Ndinayankha kuti musakhulupirire ine, mverani foni. Telala sataya kanthu, mavoisi a Amayi onse anali momwemo.

Anapeza womasulira wa pafoni, Mmalawi wina wa dera lakutali amene sindimudziwa mpaka lero. Anatsegula voisi, mawu a Amayi n'kudzaza chipinda chonse chamagalasi, okoma ngati kale: mwana wanga, uzitenga a sabata yomweyo. Bambo womasulirayo anayamba bwinobwino, atafika pakati anaima, anatsokomola, kenako n'kumaliza ndi mawu otsika. Ndikuganiza kuti nayenso ali ndi amayi ake ena kwinakwake amene anamulandira. Ine ndinatchula dzina lawo lonse, ndinatchula ndi mzinda. Ndinamva ngati ndikudzidula chala, koma ndinatchula.

Musayembekeze kuti ndikuuzani zoti chilungamo chinayenda ngati madzi. Mavoisi atamveka, matimu aja anakatsekerana m'chipinda n'kugwirizana zawo. Palibe anavomera kulakwa, ndipo zimene anapanganazo ndi chinsinsi chinanso. Mwezi wa Meyi wotsatira eni ake awiri aja anaoneka pa TV akugwirana chanza, akuseka. Dalitso anachoka mwakachetechete, pano akugwira ku timu ina kudera lina. Amayi sanapondeko kukhoti. Ine dzina langa analichotsa pa mlandu, nkhani sinapite kwa a boma, koma ndinasaina kuti sindidzagwiranso ntchito ya magalimoto amenewa. Ulendo uno ndinawerenga mzere uliwonse ndisanasaine. Mlandu woyendetsa nditaledzera uja ndiye ndi wangawanga, umanditsata kulikonse kumene ndafunsira ntchito.

Mayi wina wa ku West Africa, mwini sitolo ya nsalu pa Lafayette Road, anandipatsa kakona koika makina. M'mawa uliwonse ndisanatsegule ndinkayamba ndalowetsa ulusi pa singano, kutulutsa, kulowetsanso, mpaka manja anakumbukira mwini wake. Makasitomala oyamba anali a mitundu ina. Inu munabwera mochedwa, mmodzimmodzi, aliyense ndi nsalu m'manja ndi nkhani ya nyengo pakamwa. Palibe anati pepani. Ndinakuyesani m'chiuno, ndinakusokerani.

Tsono ndikuona ena mukuti ife za magalimoto sizitikhudza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inu amene mumabwera ndi magolovesi a kuntchito m'chikwama, inu amene mumadzijambula pa shifiti wodwala akuonekera kumbuyo, inu amene mumakulungira nsomba m'mapepala a ku ofesi, kuno chotayidwa chili ndi mwini wake mpaka chitagayidwa. Ndipo wina akakupemphani kanthu ka kuntchito kwanu, kaya ndi wamkulu wa mpingo, kaya ndi amene anakulandirani, mufunseni kuti akufuna atani nako. Kufunsa si mwano. Koposa zonse, mukakweza dzanja kulumbira, pamenepo palibe amayi, palibe achimwene. Amene akukuuzani kuti munamire banja, taonani kaye ngati inuyo muli m'banjamo. Ndipo ngati pali wina muno ali ndi fulasiki yake, andipeze panja tikamaliza, tikwere basi limodzi. Sindiuza gulu.

Mulungu amene ananditola pa matailosi a chimbudzi chija alemekezeke. Ndisanakhale pansi, Abusa, mundilole ndinene chomaliza, ngakhale mwina simuchikonda.

Mwezi wathawu mmodzi wa inu anabwera kusitolo ndi jumbo yochokera ku South Bend. Mkati munali diresi la chitenje cha ukwati uja. Anati Mayi Chisale akudwala, atha thupi, diresi likuwakhuthukira, ndipo akufuna kulivala pa ubatizo wa mdzukulu wawo. Akuti thupi lawo amalidziwa ndi Felesiya yekha. Ndinaliyang'ana diresilo tsiku lonse lili pa tebulo. Kenako ndinaliphwasula, ndinalibweza m'mbali ndi m'mapewa, ndinalisoka bwino kuposa poyamba, n'kulisita. Sindinalipiritse. Ndimawapempherera, ndipo sindiwafunira imfa.

Lamlungu lapitali foni inalira. Mawu anali ofooka, koma ndinawadziwa.

"Mwana wanga, diresi lakwana."

Abusa, kukhululuka ndikuphunzira, ndipo ndafika pa kusoka. Koma pali chimodzi chimene anandiphunzitsa okha pakhonde paja, ndipo ndinachimva bwino.

Ndinati, "Ndathokoza kuti lakwana, Mayi Chisale. Koma mwana wanu ndi uja."

Ndinkamva kupuma kwawo. Ndinadikira foni ili kukhutu, chifukwa kwathu wamkulu sumudulira foni. Anadula okha.